Nsungwi ya aNankhoma ndi Bwato la Mkamwini

Alongo anga aNankhoma, dzina lawo la ubatizo Edith, ndi munthu wamfupi kwambiri. Ndayamba dala ndi zimenezi chifukwa ufupi wa m'banja mwathuwu ndi umene unatsala pang'ono kutilanda mwana ndi adzukulu chaka chathachi. Akaima m'munda wa chimanga cha m'Januwale muyenera kuwaitana kuti mudziwe pomwe ali. Ine Bester, mlongo wawo wamng'ono, ndimawaposa ndi chipewa chokha, ndiye sindikuwaseka ayi, ndikungonena mmene tinabadwira.

Mudzi wathu uli cha kumpoto kwa Kabudula, m'mphepete mwa Bua. Nyumba zili kuno koma madimba onse ali tsidya, ndipo pathu pano mtsinjewu suwolokeka ndi miyendo ngakhale m'chilimwe. Wofuna mlatho ayende theka la tsiku. Choncho banja lililonse lomwe lingathe limasema bwato lake. Pokocheza ndi pamodzi pokha, pa doko la pa Kachere, pomwe mtsinje unalowa pang'ono kumtunda n'kusiya kadziwe ka madzi odekha. Pamenepo tinazika nsichi za bulugamu n'kuyalapo matabwa, ndipo pansanja imeneyi timamangapo mabwato asanu ndi atatu, mphuno kunsichi, mchira kumtsinje. Amayi amachapanso pomwepo.

Lamulo la padokopo ndi limodzi basi: bwato lotalika kuposa nsungwi silimangidwa pansanja. Nsungwi yake ndi imodzinso, ndipo imakhala kudenga la khitchini ya aNankhoma, komwe utsi unaidetsa bii moti chiswe chinaitaya kalekale. Palibe amaloledwa kuitsitsa koma iwo okha.

Edith anasiyira sukulu Sitandade 5, bambo athu atanena kuti mtedza ukufuna manja. Anakwatiwa ndi Jailos Mbewe, munthu wa miono ndi fodya, wanthabwala komanso wokonda zinthu zazikulu. Ana anabereka asanu koma anayi tinaika m'manda asanayambe n'kuyenda komwe, n'kutsala mmodzi, wamkazi, Loyce. M'chaka cha 1997 alamu angawo anasema bwato lalitali kuposa onse, akuti azinyamula kabichi yense ulendo umodzi. Mwezi wa Febuluwale Bua atadzaza, mchira wa bwatolo unatulukira kunja kwa kadziwe n'kugwidwa ndi madzi othamanga. Linatembenuka, n'kukankha mabwato anzake onse, nsichi n'kuzuka, nsanja n'kugwera m'madzi pamodzi ndi amayi atatu omwe ankachapa. Mmodzi mwa iwo anali Edith. Palibe anamwalira, koma zina za tsiku limenelo m'banja mwathu sitinkazitchula.

Sabata yomweyo Jailos anadula nsungwi, n'kuiyeza kuchokera pansichi mpaka pomwe madzi odekha amathera, ndipo bwato loyamba kudulidwa chifukwa cha nsungwiyo linali lake lomwe. Edith kuyambira pamenepo sanapondenso m'bwato. Wolima dimba lake la tsidya anali mwamuna wake, kenako Loyce atakula, iye n'kumangolandira tomato ndi mpiru padoko ngati mlendo. Jailos atamwalira mu 2011, anthu anasonkhana pansi pa kachere n'kusiya nsungwi m'manja mwa mkazi wamasiyeyo. Ankati n'kulemekeza malemu, koma zoona zake n'zakuti panalibe mwamuna wofuna kudana ndi anzake chifukwa cha mabwato.

Ntchitoyo anaigwira moti ena tinayamba kudandaula kuti tinawapatsiranji. Bwato latsopano limakokeredwa pansi pa kachere lisanakhudze madzi. ANankhoma amabwera nsungwi ili paphewa, chitenje atamanga zolimba, n'kuigoneka pamwamba pa bwato kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Sachulutsa mawu. Amangoti "Limange" kapena "Silimanga," basi n'kubwerera kukapitiriza zomwe anasiya pamoto. Mkulu wina wa mpingo, yemwe amakhala naye m'kwaya imodzi, anamubweza chifukwa cha zala zitatu zokha, ndipo bamboyo anatha tsiku lonse akupala mchira ndi kasemasema uku akung'ung'udza. Inenso anandibweza. Ndinakhala mwezi wathunthu osadya kwawo, koma iwo sanaonetse kuti azindikira n'komwe.

Tsopano ndinene za mkamwini wathu. Gilbert Kwenda ndi wa ku Nambuma, ndipo anabwera kudzakhala kwathu kuno atakwatira Loyce zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndi wamtali moti chitseko cha nyumba yake tinachita kumukwezera. Salankhulalankhula, ntchito ndiye amagwira ngati walodzedwa. Iye ndi apongozi ake anasunga mwambo wopewana umene achinyamata ambiri masiku ano anausiya. Akakumana panjira, Gilbert amapatukira m'chimanga, Edith n'kuyang'ana kumbali. Zaka zonsezo sanalankhulanepo maso ndi maso, ndipo mawu onse ankadzera mwa Loyce kapena mwa ine, poti ndine nkhoswe ya ukwatiwo. Sikunali kudana. Denga la Edith likayamba kudontha, Gilbert ankadikira tsiku lomwe apongozi ake apita ku Chigwirizano cha amayi kumpingo, pobwera n'kupeza udzu watsopano uli pamwamba. Nawonso akapha nkhuku, chiwalo chabwino chinkapita kwa bambo a Mphatso, monga ankamutchulira potengera dzina la mwana wake woyamba.

Chomwe chinkamuwawa Gilbert n'kubwereka bwato. Munthu wamkulu wa ana awiri kumadikira padoko kuti mwini wake abwere kaye, sizinkamusangalatsa. Kwawo ku Nambuma kunali mtengo wa malaina womwe bambo ake anadzala chaka chomwe iye anabadwa. Bambowo atamwalira, abale anagwirizana kuti mtengowo ndi wake. Chilimwe chonse Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita kukasema, n'kumabwera manja ali matuza okhaokha. Mu Novembala bwatolo linafika pangolo, ulendo wa masiku awiri, ng'ombe zili thovu kukamwa.

Ndivomere, linali bwato lokongola. Losalala, lopakidwa phula kunsi, ndipo mkati anasiyamo kampando pomwe Loyce azikhala. Koma aliyense amene anakulira padokopo analiona kuti latalika, ndipo anthu anayamba kuyang'anizana. Ine pakamwa panga sipamva. Ndinati, "Akamwini, kodi limeneli ndi bwato kapena basi ya ku Lilongwe?" Anthu anaseka, Gilbert sanaseke. Nthabwala imeneyo ndinaidandaula masabata atatu otsatira.

Edith atatulukira ndi nsungwi, Gilbert anakaima kuseri kwa kachere monga mwa mwambo. Alongo anga anagoneka nsungwi pabwato. Kumchira kunatsala gawo lalikulu ndithu, lokwana pafupifupi mikono iwiri. Anaichotsa n'kuigonekanso kuchokera kumchira, ngati kuti mwina bwato lifupika akayambira mbali inayo.

"Alongo," anatero kwa ine motsitsa mawu, "auzeni bambo a Mphatso kuti silimanga."

Ndinazungulira mtengo kukapereka mawu omwe munthuyo anali atawamva kale. Gilbert anati, "Atsibweni, auzeni amayi kuti ine sindine mwana. Ndinafunsa muyeso ndisanagwetse mtengo. Nsungwiyo ndi ya mikono isanu ndi inayi, ndipo bwatoli ndi la mikono isanu ndi inayi, ndinayeza katatu. Ngati nsungwi yafupika, sinafupikire kwa ine."

Ndinayesa kuwafewetsa mawuwo pobwerera, koma mtengo wa kachere si khoma, Edith anamva zonse. Nkhope yawo inachita mdima. "Nsungwi imeneyi anadula ndi malemu," anatero, "ndipo palibe anaikhudzapo ndi mpeni. Afunseni anawauza muyesowo ndani."

Gilbert anakana kutchula. Anangoti anauzidwa ndi munthu wosanama. Loyce anali chapatali ndi amayi anzake, mwana kumbuyo, maso ali pansi. Edith ananyamula nsungwi yake n'kumapita, bwato n'kutsala pamtunda pansi pa kachere.

Kuyambira tsiku limenelo m'mudzi munalowa mphepo yoipa. Gilbert anakhulupirira kuti apongozi ake adula nsungwi dala kuti amuchititse manyazi poti ndi wobwera. Edith anakhulupirira kuti mkamwini wasema bwato lalikulu mwadala, podalira kuti apongozi sangamubweze, ndipo tsopano akuwanamizira pamaso pa anthu. Akanakhala anthu ena akanakhala pansi n'kufunsana, nkhani n'kutha tsiku lomwelo. Koma awa sakanatha kulankhulana, ndipo ine wonyamula mawu ndinkangowonjezera moto ngakhale ndinkayesa kuzimitsa. Anthu nawo anagawikana. Ena ankati mayiyu mtima wake ndi mwala, angabweze bwanji mwamuna wa mwana wake yekhayo. Ena, makamaka aja anadulitsidwa mabwato, ankangodikira kuti aone ngati nsungwi imatalika ikafika pa wachibale. Mkulu wa mpingo uja ankadutsa pansi pa kachere tsiku lililonse, n'kumaliyang'ana bwatolo.

Sabata yachiwiri Gilbert anabwera kwanga m'mawa, n'kukhala pansi chipewa chili m'manja. Anati watumiza uthenga kwa ankhoswe ake ku Nambuma kuti abwere adzapemphe chitengwa. Ankafuna kutenga mkazi wake ndi ana kukakhala kwawo. "Pano ndakhala zaka zisanu ndi ziwiri, atsibweni," anatero. "Ndalima, ndafolera, sindinayankhepo munthu mwano. Lero ndasanduka wabodza. Akakana chitengwa ndipita ndekha, koma pamudzi pomwe ndikuonedwa wabodza sindikhalapo."

Chitengwa si chachilendo, ambiri amapita n'kukakhala bwino. Koma kupita mokwiya chonchi n'kosiyana, ndipo Edith analibe wina. Loyce akanapita, alongo anga akanatsala okha pakhomo, opanda mdzukulu wowatsekulira chitseko m'mawa, dimba la tsidya lopanda wolima. Loyce akanatsala, ukwati ukanatha. Mwanayo anayamba kuwonda tikumuona, ndipo ukamufunsa ankangoti mutu.

Ndinapita kwa Edith kukawanyengerera, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinati tingolilola limange kunsichi yakumapeto, mwina chaka chino madzi sachuluka, anthu alankhula sabata imodzi n'kuiwala. Anandiyang'ana ngati ndabwera woledzera.

"Inu mukudziwa Bua adzadzaza liti?" anandifunsa. "Ndikalilola limeneli, nsungwi ndiithyole ndisonkhezere moto, chifukwa mawa aliyense abwera ndi lake. Ndipo tsiku lomwe lidzatembenuke, pansanja padzakhala mwana wa munthu."

"Nanga Loyce?"

Anapitiriza kuswa mtedza, koma ndinaona kuti makoko akuponya m'lichero, mtedza pansi.

Ankhoswe a ku Nambuma anati afika Loweruka. Lachisanu masana Edith anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde la khitchini, nsungwi ili pamiyendo, pambali beseni la madzi ndi kansanza. Anandiuza kuti aganiza. Kunama kuti bwato lakwana sangathe, koma kuthamangitsa mwana wawo ndi dzanja lawo lomwe sangathenso, ndiye mawa akabweza nsungwi kwa anthu a m'mudzi kuti asankhe wina woisunga. Ankaipukuta mwaye kuti akaipereke yoyera. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa chinthu cha Jailos chomwe chinatsala m'nyumbamo chinali chimenechi.

Akupukuta choncho anaima. Anabweretsa nsungwi pafupi ndi maso, n'kupalasa ndi chikhadabo. Pansi pa mwaye panali kamzere kocheka ndi mpeni, kakang'ono ngati ka munthu wosafuna kuti kaoneke. Anapukuta chapatsogolo n'kupeza kena, kenako kenanso. Tinawerenga timizere tisanu ndi titatu, totalikirana mofanana, togawa nsungwi m'zigawo zisanu ndi zinayi. Edith anaika chigongono chawo pakamzere kamodzi n'kugoneka mkono, ndipo nsonga ya chala chapakati inafika ndendende pakamzere kotsatira.

"Mkono uwu ndi wa m'nyumba muno," anatero. "Kandiitanireni Loyce."

Loyce atangoona nsungwi yopukutidwayo anagwada n'kuyamba kulira. Zinatuluka zonse. Mwamuna wake sakanatha kulowa m'khitchini ya apongozi, ndipo sanafune kufunsa poyera chifukwa ankafuna bwatolo lidzadabwitse anthu. Ndiye anatuma mkazi wake. Loyce anadikira amayi ake apite kumaliro, n'kutsitsa nsungwi yomwe saloledwa kuikhudza, n'kuyeza ndi mkono wake uku akucheka timizere kuti asasokoneze, pomaliza n'kupakanso mwaye. Anakauza mwamuna wake kuti mikono isanu ndi inayi. Bwato litabwezedwa anaganiza kuti anawerenga molakwa chifukwa cha mantha ndi changu, ndipo anaopa kuulula, poti kwa amayi ake anali wakuba nsungwi, kwa mwamuna wake anali wowonongetsa mtengo wa bambo ake. Gilbert naye sanamutchule pofuna kumuteteza.

"Sunalakwitse kuwerenga, mwana wanga," anatero Edith. "Tatambasula mkono wakowo." Loyce anatambasula. "Tsopano taganiza za mkono wa bambo a Mphatso."

Loyce anayang'ana kamkono kake, misozi ili m'masaya, ndipo pakamwa panayamba kugwedera. Woyamba kuseka ndinali ine. Kenako Edith, yemwe ndinali ndisanamumve akuseka chiyambire Novembala, anaseka mpaka kutsamira khoma. Mtima wanga unapepuka ngati ndatula thumba la feteleza. Panalibe wabodza pakati pawo, panali mkazi wamfupi ndi mwamuna wamtali basi.

Komabe bwato linali likadali lalitali, ndipo ankhoswe anali m'njira. Loweruka m'mawa tinapempha kuti nkhani ikakambidwire padoko osati pakhomo. Atsibweni ake a Gilbert, bambo Yesaya, anadabwa koma anavomera. Anthu anamva, ndipo pofika ife pansi pa kachere panali podzaza ngati pamsika. Edith anagoneka nsungwi pansi n'kuuza Loyce kuti ayeze anthu akuwerenga. Inakwana isanu ndi inayi. Kenako anatembenuka kuyang'ana kumtsinje, n'kundiuza kuti ndipemphe bambo a Mphatso ayeze bwato lawo ndi mkono wawo. Gilbert anatuluka kuseri kwa mtengo nkhope ili gwa, n'kuyamba kugoneka chimkono chake chija m'mbali mwa bwato. Anthu anawerenga mokweza mpaka isanu ndi inayi, chala chake n'kuthera ndendende kumchira.

Bambo Yesaya ndi amene anamaliza nkhani. Anagwira dzanja la Loyce ndi la Gilbert n'kugundanitsa zigongono zawo, ndipo zala za Loyce zinathera pomwe chikhatho cha mwamuna wake chimayambira. Padoko ponse panabuka phwete. Gilbert anayang'ana mikono iwiriyo nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pamphuno ya bwato n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kokha.

Phokoso litachepa anati, "Atsibweni, auzeni amayi kuti ndinawaganizira zoipa. Andikhululukire." Anasisita bwato ndi dzanja. "Koma mtengo uwu anadzala ndi bambo anga. Kodi palibe njira ina?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipereke mawu, koma Edith anakweza dzanja kundiletsa. Anali ataimabe chofulatira, maso ali pamadzi. Analankhula ngati akuuza mtsinje, koma mokweza kuti aliyense amve, ndipo aka kanali koyamba mawu awo kupita kwa mkamwini osadzera mwa munthu.

"Tsiku lomwe nsanja inagwa, ine ndinali apo pali nsichi yachitatupo. Kumbuyo ndinali ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Mbereko inamasuka m'madzi. Ndinamira kawiri osamupeza, kachitatu ndinagwira kamwendo pansi pa bwato lalitalilo. Anatha nthawi yophika ndiwo asanalire. Anayi ndinali nditaika kale. Mwana ameneyo ndi amene mukufuna kupita naye ku Nambumayo. Ndipo pansanja pomwepo ndi pomwe amachapa lero, Gloria ali kumbuyo."

Gloria ndi mwana wawo wamng'ono, ndipo nthawi imeneyo anali kumbuyo kwa Loyce akuyamwa chala. Gilbert ankadziwa kuti nsanja inagwapo kale, koma izi anali asanazimvepo, ngakhale Loyce mwini wake ankangozidziwa mwapatalipatali. Gilbert anaimirira, n'kuyang'ana mkazi wake ndi mwana, kenako anafunsa ngati pali amene ali ndi sowo pafupi.

Sowo anabwereka kwa mkulu wa mpingo uja, yemwe anathamangira yekha kukaitenga. Ine ndinagwira nsungwi, Gilbert n'kulemba mzere ndi khala, ndipo anabwezanso zala ziwiri mkati kuti pasadzakhale zokambakamba. Anadula yekha, osalola womuthandiza. Malaina wouma amalira akamachekedwa, ndipo munthuyo anatuluka thukuta ngati akudula chiwalo chake. Madzulo ake anali atakhomerapo thabwa kumchira n'kumata phula. Edith anagoneka nsungwi, n'kunena liwu lake limodzi lija, "Limange." Bambo Yesaya anagona kwathu, m'mawa n'kubwerera ku Nambuma ndi nkhuku pakeriyala. Za chitengwa sanazitchule n'komwe.

Chidutswa chomwe chinadulidwacho Gilbert sanachitaye. Anachisalaza n'kuchitembenuza, tsiku la Chigwirizano n'kukachisiya pakhonde la khitchini ya apongozi ake. Ndi mpando womwe amakhalira pakali pano akamaswa mtedza, ndipo miyendo yawo imafika pansi bwinobwino.

Mu Januwale mvula inagwa masiku anayi osalekeza, Bua n'kudzaza mpaka kunyambita matabwa. Ndinapita kukaona mabwato m'mawa wa tsiku lachisanu. Onse asanu ndi atatu anali m'malo mwake, ndipo madzi othamanga ankadutsa ndi zinyalala zawo pafupi kwambiri ndi thabwa la kumchira kwa bwato la Gilbert, osalikhudza. Gilbert anali pomwepo akukapa madzi. Anayang'ana pomwe mchira wakale ukanafika, n'kuyang'ana ine.

Madzi ataphwerako, Loyce anabwera kudzandiuza kuti amayi akufuna kukaona dimba lawo. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinati ndiwaolotsa ndine, koma anati ayi, anena kuti akwera la bambo a Mphatso. Ndinathamangira kudoko ndi mtima uli m'mwamba, ndikudzifunsa kuti anthu opewana akhala bwanji m'bwato limodzi. Ndinali nditaiwala kuti wopalasa amakhala kumbuyo, wokwera amayang'ana kutsogolo.

Edith anaima pansanja nthawi ndithu, zala za kumapazi zitagwira thabwa. Gilbert anali atakocheza chambali, ali kumchira atagwira nsichi ndi manja onse awiri kuti bwato lisagwedezeke, nkhope atatembenuzira kubango. Alongo anga anatsitsa phazi limodzi, kenako linalo, n'kukhala pakampando kaja anasemera Loyce, atagwiritsa m'mbali zonse ziwiri. Panali patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Gilbert anapalasa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, ndipo ine ndinaima pansanja ndikuyang'ana mpaka mphuno ya bwato inagunda tsidya.

Anabwerako dzuwa litapendeka, Edith ali ndi mtolo wa chisoso ndi nkhwani pamiyendo, matope mpaka m'mawondo. Ndinawagwira dzanja kuti akwere pansanja. Anakonza chitenje chawo, n'kundiuza mokweza ndithu, atafulatirabe bwato:

"Alongo, auzeni bambo a Mphatso kuti mizere ya tomato aitalikitsa kwambiri, ayenera kuti anayezanso ndi mkono wawo. Lachiwiri adzandiolotsenso ndikawaonetse."